Galimoto ikamira m'madzi, kiyi akhale m'thumba

"Tinangoyesako kamodzi basi, kuti timve ngati ingalire." Mawu amenewa ndatopa nawo. Ndinawamva madzi atasefukira mu Januwale 2015, ndinawamvanso pa namondwe wa Idai mu 2019, pa namondwe wa Ana mu 2022, ndipo pa Freddy mu Malichi 2023 ndiye anachita kunyanya. Munthu amabwera pa galaja, galimoto yake ili pa chingwe, n'kumanena zimenezi ngati nkhani yaing'ono. Abale anga, kamodzi kameneko ndi kamene kamapha injini. Madzi paokha nthawi zambiri amangoidwalitsa. Woipha ndi amene watembenuza kiyi.

Ndikamba za magalimoto akale aja oyenda ndi matayala onse anayi, amene tikudalirabe kumidzi: Land Cruiser ya injini ya 1HZ kapena 2H, Land Rover ya Series III, Defender ya 200Tdi ndi 300Tdi, Hilux yakale. Magalimoto amenewa ndi olimba, ndipo kulimba kwawoko ndi kumene kumanamiza eni ake. Amati poti yawoloka mitsinje zaka zonsezi, madzi siiwaopa. Kuwoloka mtsinje injini ikupuma mpweya wouma ndi nkhani ina, kugona usiku wonse m'madzi ofika pa chiwongolero ndi nkhani inanso.

Tengani 1HZ. Ili ndi masilinda 6, malita 4.2, ndiye kuti silinda iliyonse imameza mpweya pafupifupi mamililita 700. Pisitoni ikamakwera imaufinya mpweyawo mpaka kuchepa maulendo pafupifupi 22, ndipo kampata kamene kamatsala pamwamba kamangokwana masupuni awiri akuluakulu. Mpweya umalola kufinyidwa choncho. Madzi salola. Mukalowa madzi a masupuni atatu okha, pisitoni imakumana ndi chinthu cholimba ngati mwala isanafike kumapeto a ulendo wake, pamene kumbuyo kwake kirankishafuti ikukankhabe. Chimene chili pakati ndi konirodi, ndipo ndi imene imapindika. Injini ya dizilo ndi imene imavulala msanga kuposa ya petulo, chifukwa kampata kake ndi kakang'ono kwambiri. Wina akakuuzani kuti "dizilo saopa madzi," mulandeni sipanala.

Pali nkhani imodzi imene imandisowetsabe mtendere. Bambo wina wachikulire wa kuchigwa cha Shire anali ndi Land Cruiser yabokosi kumbuyo, ya 1HZ, imene ndinaisamalira zaka zoposa khumi. Inkanyamula thonje, chimanga, maliro, ndi amayi oyembekezera pakati pa usiku. Mudzi wonse unkaidziwa kalilidwe kake. Pa Ana, madzi anabwera usiku n'kuimiza mpaka pa dashibodi. Magetsi anali atazima damu la Kapichira litawonongeka, mafoni akuvuta, koma patapita masiku atatu anandipeza.

"Amisiri, galimoto yanu ija yamwa madzi. Nditani?"

Ndinati, "Bambo, chotsani batire, musaikhudze, mundidikire msewu ukatseguka."

Anadikiradi sabata yathunthu. Kenako kunagwa maliro, ndipo panalibe galimoto ina. Kunabwera mnyamata wa pa tiledi senta amene amakonza njinga zamoto ndi zigayo. Anabwezera batire, kutembenuza kiyi, sitata inangoti "tha" n'kukhala chete. Apa injini inali ikulankhula, ikuti muno muli madzi. Sitata inalephera kuitembenuza, ndipo kulephera kwakeko kunali kuiteteza. Mnyamatayo anati batire lafooka. Anaimangirira ku thirakitala, kuika giya yachiwiri, thirakitala itathamanga n'kusiya kilatchi. Matayala anayamba akhwekhwereza kaye pansi, kenako kunamveka kugunda, injini n'kulira. Utsi woyera, ikunjenjemera, koma inalira. Anthu anaomba m'manja, mnyamata analipidwa, maliro ananyamulidwa.

Inayenda milungu iwiri. Tsiku lina ili pa msewu, konirodi inathyoka n'kuboola buloko, oyilo yense pansi. Nditaitsegula ndinapeza ina yachiwiri yopindika ngati nthochi, ikudikira tsiku lake. Injini imene ikanachira ndi oyilo, mafyuluta ndi ntchito ya masiku awiri inasanduka chitsulo chogulitsa pa sikelo.

Mnyamata uja ndinamukwiyira, ndipo ndimakwiyabe ndi onse ochita zotere. Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi yankho langa la pa foni lija. Ndinati "mundidikire" kwa munthu amene mudzi wonse unkamuyang'ana. Ndikanawauza zochita. Mahita a injini imeneyi, timapulagi totenthetsa masilinda poliza, ndi 6 okha, ali poonekera, ndipo mdzukulu wawo akanatha kuwamasula. N'chifukwa chake ndikulemba izi.

Batire lichoke, kuyambira waya wa negetivu. Tsegulani chitini cha fyuluta ya mpweya. Pepala lake likakhala lonyowa, kapena pansi pa chitinicho pakakhala matope, dziwani kuti madzi afika m'kati, musachitenso kufunsa. Masulani nati ya pansi pa sampu, chibeseni chosungira oyilo kunsi kwa injini. Madzi ndi olemera kuposa oyilo, choncho ngati alimo ndi amene ayambe kutuluka. Kenako chotsani mahita onse, kapena mapulagi ngati ndi ya petulo, ndipo mutembenuze injini ndi manja, sipanala ili pa bawuti ya pule ya kutsogolo. Pang'onopang'ono. Madzi azithovoka m'mabowomo. Ikalimba pena pake, siyani pomwepo, osawonjezera paipi pa sipanala kuti mupeze mphamvu. Ikazungulira bwino maulendo angapo, thirani oyilo pang'ono m'bowo lililonse n'kuizunguzanso kuti makoma a masilinda anyowe mafuta. Mukatero mwaipulumutsa, ndipo ikhoza kudikira mmisiri.

Ndikuti mukatero, chifukwa palinso ena amene amalakwitsa mbali inayo. Amamva kuti osaliza, ndiye amaikankhira pansi pa mtengo wa mango, kutsegula boneti n'kumati iume ndi dzuwa. Mwezi watha, miyezi iwiri. Madzi amene ali pansi pa oyilo adzauma bwanji? Amene atsekeredwa m'silinda adzatulukira pati? Dzimbiri limayamba m'masiku ochepa chabe. Maring'i amamatirira ku makoma, mavavu amagwira, mabering'i amachita zipsera. Galimoto imene yakhala mwezi ndi madzi m'mimba imandidyera ntchito yochuluka kwambiri kuposa imene yabwera tsiku lachitatu. Kudikira msewu ndikumvetsa. Kudikira kuti "tiyambe takolola" madzi ali m'katimo, ayi.

Ndiponso madzi osefukira si madzi a pa mjigo. A Shire, a Ruo, kapena matope aja anatsika m'phiri la Soche, amanyamula dothi losalala ngati ufa woyera, ndipo dothi limeneli likasakanikirana ndi oyilo limakhala ngati sanipepa wamadzi. Ngati oyilo watuluka ndi matope, kungosintha sikukwanira. Sampu ichoke, itsukidwe, kasefa ka pampu ya oyilo katsukidwenso. Ine ndimathira oyilo wotchipa ndi fyuluta yatsopano, injini ikalira n'kutentha ndimakhetsa, ndimabwerezanso, kenako ndiye oyilo wabwino. Ena amaona ngati n'kutaya ndalama. Funsani mtengo wa kirankishafuti. Ndipo ngati wina anaitembenuzapo kale ndi kiyi, ngakhale ikulira bwino, kompuresheni iyezedwe silinda iliyonse. Konirodi yopindika pang'ono imasiya pisitoni yake m'munsi kuposa zinzake, ndipo geji imaulula. Khutu lanu silingamve.

Thanki ikhetsedwe yonse. Pampu ya dizilo pa magalimoto ambiri amenewa ilibe oyilo wakewake, imadalira dizilo yemweyo kuti zitsulo zake zisakhuzane, ndipo m'kati mwake zinthu zimagwirana mothina kwambiri moti kadontho ka dzimbiri n'kokwanira kuiwononga. Pansi pa fyuluta ya dizilo pali kotsegula kokhetsera madzi, koma kanapangidwira timadzi tochepa, osati ndowa. Amisiri a pansi pa mtengo ali ndi mankhwala awo: kuthira sipiriti m'thanki kuti "amwe madzi," kuviika sanza mu petulo n'kuigwirizira pa paipi ya mpweya kuti injini ilire mokakamiza. Sanza ya petuloyo, mahita ali otentha, imatha kuphulitsa moto n'kukuwotchani nkhope, ndipo kugunda kwake kumaswa maring'i. Injini imene ikukana kulira ili ndi chifukwa. Pezani chifukwacho.

Tsono injini ikalira, ambiri amaona ngati ntchito yatha, pamene theka la galimoto lili kunsi. Madifu awiri, giyabokosi, tiransifa: chilichonse chili ndi kabowo kopumira, ndipo madzi amalowera pomwepo. Masulani nati muone. Oyilo akatuluka wooneka ngati tiyi wamkaka, ameneyo salinso oyilo. Difu yotere siidandaula msanga. Imayenda mwezi, kenako imayamba kulira chapansipansi ngati njuchi, ndipo pofika pamenepo mano adyeka kale. Mipira yachitsulo ya kutsogolo ija, imene matayala amakhotera, nthawi zambiri imakhala yodzaza girisi, ndipo madzi akalowa girisiyo amasanduka phala. Iphwasulidwe, pamodzi ndi mabering'i a matayala ndi mahabu. Ndi ntchito yonyansa ya tsiku lathunthu, n'chifukwa chake amisiri aulesi amaidumpha, n'kungopopera girisi watsopano pamwamba pa matope. Imani pomwepo muziona.

Inu a Land Rover, pansi pa chikuto cha kilatchi pali bowo limene mumatseka ndi kapulagi powoloka madzi. Ngati kanali kotseka, chotsani kuti zimene zalowa zituluke, apo ayi kilatchi imamatirira ku fulaiwilo. Buleki ya pamanja yanu ndi dilamu imene ili kumbuyo kwa tiransifa, imasunga matope bwino kwambiri. Lamba wa taiming'i, kaya pa Tdi kaya pa 1HZ, akakhala m'matope asinthidwe, ngakhale mutamuika chaka chatha. Madilamu a mabuleki atsegulidwe, ndipo mafuta a mabuleki asinthidwe onse, chifukwa amayamwa madzi. Potsika Thabwa mabuleki akatentha, madziwo amawira, phazi n'kungolowa mpaka pansi. Apa sitikukambanso za ndalama.

Chinanso chimene chimandipweteka mtima ndi mawu akuti "Land Rover ndi ya aluminiyamu, siichita dzimbiri." Thupi lake inde, mbali yaikulu. Koma chasisi ndi chitsulo, ndi khoma lija la pakati pa injini ndi miyendo yanu ndi chitsulonso. Chasisi cha magalimoto amenewa chili ngati bokosi lalitali lamphako. Matope amadzaza m'katimo, kunja n'kuuma, m'kati n'kukhalabe onyowa miyezi. Chimawola kuchokera m'kati, utoto kunja ukuwala. Zaka ziwiri zitatu, mukugogoda ndi nyundo pafupi ndi pogwira sipuling'i, nyundo n'kulowa. Lowetsani paipi ya madzi m'mabowo onse, muthire mpaka madzi otuluka ayere, chiume bwino, kenako mupoperemo mafuta oteteza dzimbiri. Injini ina mukhoza kuipeza. Chasisi chikatha, galimoto yatha.

Za magetsi, magalimoto akalewa ali ndi mwayi, alibe kompyuta imene imafa ikangonyowa. Sitata ndi alternator zitsegulidwe, zitsukidwe, ziume. Molumikizira mawaya monse mumasulidwe mupukutidwe musanabiriwire. Fyuzi ikamapsa mobwerezabwereza, penapake waya akugunda. Woikapo waya wa kopa kapena pepala lonyezimira la mu paketi ya fodya akukukonzerani moto pansi pa dashibodi.

Mipando ndi makapeti zituluke panja tsiku lomwelo. Madzi amenewa adutsa m'zimbudzi ndi m'makola, ndipo pa nthawi ya Freddy tinali kale pakati pa mliri wa kolera. Valani magolovesi, tsukani ndi madzi a kolorini, sambani m'manja musanagwire nsima. Siponji ya mpando imene yanunkha nkhungu itayeni, makamaka ngati galimotoyo imanyamula odwala ndi ana.

Land Cruiser ya bambo aja tinaikokera kwanga. Madifu, giyabokosi, mabuleki, chasisi, zonse ndinazikonza, zili bwino, ndipo ndinaikweza pa zitsa kuti matayala asaphwe. Chikusowa ndi injini yokha. Ya 1HZ yogwiritsidwa kale ntchito koma yabwino ndi yosowa, ndipo nthawi iliyonse akasonkhanitsa ndalama amapeza mtengo wakwera. Amandiimbira pakutha pa mwezi. Amayamba afunsa kaye za kunyumba, za ana, za mvula, kenako amati, "Nanga amisiri, mwamvako pena pake?"