Madimba a m'mphepete mwa Shire: chifukwa chake anthu amabwerera komwe madzi anawathamangitsa

Anthu akatenga tchuthi m'nyengo yotentha, maso amakhala ku Mangochi kapena ku Salima, ndipo amene ali ndi pasipoti ndi kangachepe m'thumba amakafika mpaka ku Beira kukaona nyanja yamchere. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje sikuganiziridwa n'komwe. Kutentha ndiye kulipodi, mu Okutobala ku Ngabu kumapitirira madigiri 40. Koma amene watsika phiri la Thabwa mwezi umenewo, n'kupatuka mumsewu wa M1 kulowera kumtsinje, amaona zosowa kwina. Kumtunda kuli gwa, mbuzi zikulimbirana makoko ogwa m'mitengo, pamene m'mphepete mwa Shire muli biriwiri: chimanga chamasula ngayaye, mbatata yayanga, amayi akuthyola nkhwani. Amenewa ndiwo madimba. Mkangano umene umabuka chaka chilichonse madzi akasefukira, woti anthu a kuchigwa amakaniranji kusamukira kumtunda, gwero lake lili pamenepa.

Kuyambira kale Amang'anja ankalima minda iwiri. Wa kumphala, kumtunda, umadalira mvula, ndipo mvula ya kuchigwa ndi yochepa komanso yosadalirika. N'chifukwa chake kumeneko kunkadzalidwa mapira ndi mchewere, mbewu zopirira ng'amba. Wa kudimba sudikira mitambo. Shire akadzaza m'dzinja amamiza madambo, ndipo akayamba kuphwa cha mu Epulo ndi Meyi amasiya matope akuda. Mlimi amatsatira madziwo pang'onopang'ono. Lero adzala pamene pauma, pakatha sabata ziwiri adzala chakumunsi, mpaka dimba limodzi lili ndi chimanga cha misinkhu itatu kapena inayi. Pamene chinyezi chatsika amakumba phando lakuya kuti mbewu ikakhale pa dothi lonyowa. Feteleza safunika kwenikweni, mtsinje unathira kale. Ntchito yaikulu ndi kulondera, pakuti mvuu imodzi ikhoza kumaliza usiku umodzi zimene banja lagwirira miyezi iwiri, ndipo potunga madzi pamafunika kuyang'ana ng'ona.

David Livingstone atakwera mtsinjewu ndi sitima yake ya Ma Robert mu 1859 anapeza midzi yambiri, thonje likulimidwa ndi kuombedwa nsalu, amayi akutcheza mchere m'dothi, amuna akusula makasu. Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya Angilikani ya UMCA, amene anamwalira mu Januwale 1862 pafupi ndi pomwe Ruo amathira mu Shire, anachoka kwawo atalonjeza kuti akaphunzitsa anthu ulimi. Ataona minda ya Amang'anja anavomera yekha kuti eni dziko akuudziwa ulimi kuposa iye. Ndi akuluakulu ochepa obwera pambuyo pake amene anakhala ndi mtima wotero.

Chaka chomwecho kunagwa chilala choopsa, pamodzi ndi nkhondo za ogwira akapolo, ndipo njala ya 1862 ndi 1863 inapululutsa midzi. Ambiri mwa opulumuka ndi amene anathawira kuzilumba ndi m'madambo. Ufumu wa Lundu, mfumu yaikulu ya Amang'anja, unafooka, ndipo Amakololo, anthu a kumtunda kwa Zambezi amene Livingstone anabwera nawo n'kuwasiya kwa Chibisa, analanda dziko. Mayina a Kasisi, Maseya, Katunga, Makhuwira ndi Mlilima amene timawamva m'maufumu a ku Chikwawa lero anachokera kumeneko.

Masiku amenewo chigwa chino ndicho chinali khomo la dziko lonse, ndipo nyanja yamchere sinali kutali monga ikuonekera panopa. Mu 1889 Daniel Rankin anapeza kuti sitima zikhoza kulowa mu Zambezi kudzera pa Chinde, ndipo mu 1891 Apwitikizi anabwereketsa malo kwa Angelezi pamenepo. Katundu ndi anthu ankatsika sitima zapanyanja, n'kukwera zing'onozing'ono zoyendera nkhuni mpaka ku Port Herald, ku Chiromo, madzi akakhala ambiri mpaka kwa Katunga. Port Herald, yemwe ndi Nsanje wa leroyu, anatenga dzina kwa sitima yankhondo yotchedwa Herald. Midzi ya m'mphepete inkagulitsa nkhuni, nkhuku ndi zakudimba kwa apaulendo. Koma mtsinje unayamba kuchepa, sitima n'kumatitimira mumchenga, ndipo njanji inatenga malo: inafika ku Blantyre mu 1908, inatsikira ku Chindio pa Zambezi mu 1915, kenako mlatho wa Dona Ana unatsegulidwa mu 1935 kulumikiza ndi Beira. Chinde anali atagwa kale, namondwe wa mu 1922 ataphwanya sitima zambiri padoko.

Kuchepa kwa madziko kunali tsoka kwa eni sitima, koma kwa alimi unali mwayi wosasimbika. Nyanja ya Malawi inatsika kwambiri moti kuyambira cha mu 1915 mpaka cha mu 1935 madzi ake ankalephera kutulukira mu Shire. Mtsinje unatsala ndi madzi a timitsinje ta m'njira basi. Madambo aakulu awiri, la Dabanyi lomwe azungu analitcha Elephant Marsh ndi la Ndindi kumunsi kwa Nsanje, anaphwa n'kusanduka minda. Anthu anamanga midzi pomwe kale pankayenda mabwato. Asena ambirimbiri anawoloka kuchokera ku Mozambique kuthawa chibalo cha Apwitikizi, makamaka itatha nkhondo ya Makombe ya mu 1917, ndipo mafumu anawalandira pakuti malo analipo. Thonje linalowa m'madambo momwemo, banja n'kumakolola chakudya ndi ndalama pa nthaka imodzi. M'zaka za m'ma 1920 chigwa cha Shire ndicho chinkatsogola pa thonje mu Nyasaland yense, ndipo amuna a kuno sankafunika kupita ku Wenela kuti apeze ya msonkho.

Kenako nyanja inadzazanso. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 madzi anabwerera mwamphamvu, n'kumiza midzi ndi minda ija, osaphwanso. Anthu anapanikizana kumphala komwe mvula sikwanira, thonje linalowa pansi, amuna anayamba ulendo wa ku Southern Rhodesia, ena n'kusanduka asodzi a mlamba ndi makakana pamwamba pa minda ya makolo awo. Amayi anabwerera ku nyika, tizinthu takuda tija ta pansi pa maluwa a m'madzi, zimene mpaka lero ukaziona pamsika wa Bangula umadziwa kuti kwavuta.

Boma la atsamunda linaganiza kuti vuto ndi kalimidwe ka anthu. M'zaka za m'ma 1950 linalamula kuti aliyense aziunda mizere yopingasa, wokana alipitsidwe kapena amangidwe. Pa nthaka yathyathyathya, yotentha chonchi, anthu ankati mizere ikuumitsa mbewu, ndipo a ku kachisi wa Mbona ku Khulubvi anatsutsana nalo lamuloli, anthu n'kumakhulupirira kuti likuthawitsa mvula. Akuluakulu amaitcha nthawi imeneyi nkhondo ya mitumbira. Pamenepa ndi pamene kuchigwa kunamera chizolowezi chomvera mlangizi wa boma ndi khutu limodzi, ndipo ine sindiwaona olakwa kwenikweni.

Ufulu utabwera, malo a kumtunda nawo anayamba kutha. Kampani ya Lonrho inatsegula minda ya nzimbe ku Nchalo cha pakati pa zaka za m'ma 1960, yomwe lero ili m'manja mwa Illovo. Lengwe, Majete ndi Mwabvi ndi nkhalango zotetezedwa. Ng'ombe za anthu olemera zimafuna msipu womwewo wa m'dambo, ndiye milandu ya ng'ombe zodya mbatata kwa amfumu sitha. Mu nkhondo ya ku Mozambique ya m'ma 1980 othawa kwawo anachuluka ku Nsanje kuposa eni boma. Tsono munthu akamanena pa wailesi ali ku Lilongwe kuti asamukire kumtunda, ayambe wanena kuti kumtunda kwake ndi kwa yani.

Komabe aboma ali ndi mfundo, tisawanamizire. Madzi a masiku ano si aja ankabwera pang'onopang'ono anthu akusamutsa nkhuku. Mapiri a Thyolo, Mulanje ndi Mwanza anametedwa mitengo, ndiye Ruo, Mwanza ndi Thangadzi amatsika mwaukali, atasenza mchenga m'malo mwa matope achonde. Dimba lokwiriridwa ndi mchenga wofika m'chiuno latha ntchito. Mu 1997 madzi anadula njanji pakati pa Bangula ndi Chiromo. Mu Januwale 2015 Ruo anasiya njira yake n'kudutsa m'midzi ya kwa Mlolo, Makhanga n'kusanduka chilumba. Anamondwe a Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anabwera motsatizana, anthu asanamalize n'kumanga komwe. Amene anagonapo mumtengo usiku wonse atabereka mwana safuna wina womuuza kuti madzi amapha.

Dera la Nyachikadza, kumunsi kwa Nsanje, ndilo chitsanzo chimene aliyense amatchula. Boma linalengeza kalekale kuti malowo si oyenera kukhalako anthu ndipo linasiya kupititsako chitukuko, poganiza kuti atopa okha. Sanachoke. Ndi iwo amene amadzaza mabwato ndi mbatata, chimanga ndi nyemba m'miyezi imene kumtunda nkhokwe zili pululu, ogula n'kukhala omwewo amene amawanena kuti ndi osamva. Mabanja ambiri anapeza njira yawoyawo: nyumba ndi ana asukulu kumtunda, msasa kudimba, kuwoloka madzi akaphwa, kubwerera mitambo ikayamba kuda. Puloti imene munthu amapatsidwa posamuka nthawi zambiri ndi yongokwana nyumba ndi chimbudzi, munda palibe.

Za kunyanja yamchere zinayesedwanso kamodzi. Mu Okutobala 2010 Bingu wa Mutharika anatsegula doko la Nsanje, Robert Mugabe ndi Rupiah Banda ali pomwepo, koma bwato la feteleza limene linkayembekezeka linagwidwa ndi boma la Mozambique lisanafike. Khoma la simenti la dokolo lilipobe, asodzi amakocheza mabwato awo pambali pake.

Chachikulu tsopano ndi ngalande ya Shire Valley Transformation Programme, yotenga madzi pa Kapichira kuti ithirire mahekitala oposa 40,000 ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Namondwe wa Ana anaononga poyambira pake ntchito ili mkati, ndipo inachedwa. Ikadzatha, madzi a Shire adzakwera kumphala chaka chonse, mlimi osawatsatira kudambo. Koma kuti alowemo ayenera kuphatikiza munda wake ndi ya anzake mu kopaletivu, ndipo mbewu yodzala idzasankhidwa pamsonkhano, poyang'ana msika. Ngalandeyo ikudutsa tsidya la kumadzulo. A kwa Mlolo, ku Makhanga ndi kwa Nyachikadza sikuwafika.