Sizoona kuti lamulo limateteza kunja kokha kwa nyumba zakale ku England

Ogula nyumba zakale m'matauni a ku England amakonda kuuzana kuti nyumba ikalowa m'kaundula wa nyumba zotetezedwa, chotetezedwa ndi khoma lakumaso lokha, m'katimo mwini wake angagumule momwe wafunira. Limeneli ndi bodza, ndipo limagwetsera anthu m'milandu.

Lamulo la 1990 loona za nyumba zotetezedwa limateteza nyumba yonse: masitepe amatabwa, zitseko, malo osonkhapo moto, pulasitala wokongoletsa kudenga, ngakhale mpanda ndi tinyumba tapabwalo timene tinalipo kale pa 1 July 1948. Zilibe kanthu kaya ili mu Grade I, gulu la nyumba zofunika koposa, monga za Royal Crescent, mzere wa nyumba za mumzinda wa Bath, zomangidwa pakati pa 1767 ndi 1774, kaya mu Grade II, gulu lapansi, momwe muli nyumba zoposa 90 pa 100 zilizonse za m'kaundulayu. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti malongosoledwe ambiri akale m'kaundula wa Historic England, bungwe la boma loyang'anira malo akale, amangotchula zooneka munthu ali pamsewu, pomwe ntchito yake ndi kungozindikiritsa nyumbayo.

Musanagwetse khoma kapena kuchotsa mawindo akale amatabwa, pemphani chilolezo kukhonsolo. Pempholi salipiritsa. Kugwira ntchito popanda chilolezo ndi mlandu woti munthu angakhale kundende mpaka zaka ziwiri, ndipo khonsolo ingalamule ngakhale wogula watsopano kubwezeretsa zomwe mwini wakale anachotsa.

Pokonza nyumba zakalezi, chopweteka mtima kwambiri ndi simenti. Njerwa zakalezi ankamangira laimu, amene amalola chinyezi kutuluka. Mukamatapo simenti, madzi amatsekeredwa m'njerwa, ndipo akaundana m'nyengo yachisanu njerwayo imang'aluka kumaso n'kuyamba kuyoyoka.