Imfa za ku Chilobwe: Kawisa anavomera, koma anali yekha?

Ukafunsa akuluakulu omwe ankakhala mu Blantyre cha m'ma 1968 mpaka 1970 za Chilobwe, ambiri amayamba atsitsa kaye mawu ngakhale papita zaka zoposa 50. Kuyambira September 1968 kufika March 1970 anthu osachepera 30 anaphedwa ku Chilobwe ndi madera ena ozungulira tawuniyi, usiku, m'nyumba zawo zomwe, ndipo matupi ena ankapezeka atadulidwa ziwalo. Ophedwawo sanali mabwana a ku Sunnyside ayi, anali anthu wamba a m'makomboni, oti chitseko chake ndi chamatabwa chotsekera ndi kawaya. Kukada anthu ankatsamiritsa mtondo kuchitseko, bambo kugona chikwanje chili pambali pa mphasa, galu akangouwa panja nyumba yonse maso gwa mpaka kucha.

Apolisi miyezi ikupita osagwira munthu, nde mukudziwa pamene boma lili chete mphekesera ndi imene imalamulira. Inamveka yoti ndi boma lomwe likupha anthu kuti lipope magazi nkutumiza ku South Africa, kubweza ngongole. Anthu sanangoyitola poti mphekeserayi, nthawi imeneyo Kamuzu anali atapalana ubale ndi boma la azungu atsankho mu 1967 pamene maiko ena a mu Africa ankalisala, ndipo ndalama zoyambira kumanga likulu ku Lilongwe zinachokera komweko. Mantha a anamapopa omwe tinawaona ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017 si achilendo, agogo athu anadutsamo kale.

Mu 1969 amuna asanu anakaonekera ku High Court pa imodzi mwa imfazi, jaji anaona kuti umboni ndi wosakwanira ndipo mlandu unagwa. Kamuzu zinamukwiyitsa kwambiri. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo inasintha lamulo kupatsa ma Traditional Court, makhothi omwe ankakhalamo mafumu, mphamvu zoweruza milandu yakupha mpaka kugamula kuti munthu anyongedwe. Kumeneko loya samaloledwa, woimbidwa mlandu umadziyankhulira wekha. Majaji achizungu a ku High Court anatula pansi udindo chifukwa cha zimenezi.

Kenako mu March 1970 anamangidwa Walla Laini Kawisa, ndipo apa ndi pamene mtima wanga sukhazikika. Munthuyu ali m'manja mwa apolisi sanaulule kamodzi, anaulula kangapo, ndipo zomwe ananena ulendo uno zimatsutsana ndi zomwe ananena ulendo wina. Anavomera zina mwa imfazo, osati zonse. Khothi linamupeza wolakwa, linagamula kuti aphedwe ndipo anaphedwadi. Fayilo nkutsekedwa.

Ine sindikunena kuti Kawisa anali woyera m'manja, mwina anaphadi anthu. Koma taganizani, munthu mmodzi kulowa nyumba ndi nyumba kwa chaka ndi theka, m'makomboni moti nyumba zake ndi zothithikana ukatsokomola aneba amamva, anthu akugona ndi zikwanje, iye yekha osagwidwa osakuwidwa? Nanga ngati mawu ake ankasinthasintha, apolisi anasankha bwanji kuti awa ndiye oona awa ndi abodza? Munthu amene ali m'chitokosi, alibe loya, sakuonana ndi m'bale wake aliyense, boma lonse kuyambira pamwamba likufuna wina woti limuloze chala kuti mphekesera ya magazi ithe, munthu woteroyo akati "ndine" mawu amenewo amayenera kuyesedwa ndi umboni wina wapadera, chida chomwe anaphera, katundu wa malemu, mboni yomuona. Kuvomera pakokha sikokwanira, aliyense amene anakhalako m'selo usiku umodzi wokha akudziwa kuti munthu utatopa ndi mantha utha kusayina chilichonse bola akusiye. Ndipo High Court, khothi lomwe likanafunsa mafunso amenewa mwaukatswiri, linali litalandidwa kale mphamvu miyezi ingapo m'mbuyomo.

Palinso nkhani ya Gomile Kumtumanji, yemwe anali nduna komanso mkulu wa MCP m'chigawo cha kummwera. Dzina lake linkatchulidwa m'mphekesera za imfazi, anachotsedwa pa udindo nkutsekeredwa, ndipo anakhala m'ndende mpaka kumwalira mu 1990. Ngati analipo pa chiwembucho bwanji umboni wake sunabwere poyera kuti mtundu wonse umve? Ngati sanalipo, zaka pafupifupi 20 anazikhaliranji? Boma linkafuna tikhulupirire zinthu ziwiri nthawi imodzi, kuti wakupha wapezeka ndipo nkhani yatha, komanso kuti nduna ija isatuluke.

Chomwe chimandiwawa kwambiri nchoti makhothi aja sanathe ndi Chilobwe. Anakhazikika. Ndi omwewo anaweruza Albert Muwalo, nduna yomwe inanyongedwa mu 1977, ndi omwewonso anagamula Orton Chirwa ndi mayi Vera Chirwa kuti aphedwe mu 1983, maloya awiri odziwa malamulo koma osaloledwa kukhala ndi owaimira. Orton anafera ku ndende ya Zomba mu 1992. Chida chomwe anati nchogwirira wakupha wa ku Chilobwe chinadzakhala chothanirana ndi aliyense wosemphana ndi Ngwazi, mpaka pamene ndale za zipani zambiri zinabwera.

Lero ukakwera minibasi ya ku Chilobwe anyamata oitanira sadziwa nkomwe dzina loti Kawisa. Koma kuli mabanja omwe anaika maliro a mayi awo, bambo awo, m'zaka zimenezo, ena mwa iwo m'bale wawo sanali m'gulu la omwe Kawisa anavomera kuti anapha, ndipo mpaka pano palibe anabwera kudzawauza kuti analowa m'nyumba usiku uja anali ndani.