Akakansela ndege yanu musathamangire kulandira vocha

Disembala ikamayandikira foni ya ku ofesi siipuma, aliyense akufuna tiketi yopita kumudzi, Lilongwe, Blantyre, ena Lusaka, ndiye chaka chilichonse pamapezeka ena oti ndege yawo yakanseledwa ali kale pa Heathrow ndi masutikesi awo odzaza. Ntchito yanga ndi yogulitsa matiketi a ndege ndipo chimene chimandipweteka n'choti anthu athu ambiri akapatsidwa kavocha amangoti zikomo n'kubwerera kunyumba, osadziwa kuti lamulo linawapatsa zambiri kuposa pamenepo. Tinaleredwa kuti tisamalimbane ndi munthu wa pa desiki, ndikumvetsa, koma apa palibe zolimbana abale anga, ndi ndalama zanu.

Lamulo lake ndi la European Union, nambala 261 la chaka cha 2004, anthu amangoti EU261. UK itatuluka mu EU inalisunga lamuloli n'kungosintha ndalama kukhala mapaundi, ndiye limenelo amaliti UK261. Likukhudza ndege iliyonse yonyamuka ku UK kapena ku EU, kaya kampaniyo ndi ya dziko liti. Mukanyamuka London pa Ethiopian Airlines kudzera Addis Ababa kapena pa Kenya Airways kudzera Nairobi muli m'kati mwa lamulo, musanamizidwe kuti poti ndege ndi ya ku Africa ndiye sizikuwakhudza. Ndipo ngati ulendo wonse munaugula pa booking imodzi, lamulo limawerengera mpaka komwe mukathere, Kamuzu International Airport kapena Chileka, osati pa Addis ayi. Khoti la EU linagamula zimenezi mu 2018 pa mlandu wa munthu amene ankachoka ku Berlin kupita ku Agadir kudzera Casablanca.

Pobwerera ndi pamene zimasintha, ndipo apa ndi pomwe ambiri amakhumudwa. Ndege yochokera kunja kulowa ku UK imakhala m'lamuloli pokhapokha ikakhala ya kampani ya ku UK kapena ya ku EU. Ndiye British Airways kapena Virgin Atlantic kuchoka Johannesburg kupita London, eya. KLM kuchoka Nairobi kupita Amsterdam, eya, pa EU261. Koma kuchoka Lilongwe kudzera Addis pa kampani ya ku Africa, lamuloli silikufikirani ngakhale tiketi munagulira ku Manchester ndi mapaundi. Amaona kampani imene ikuulutsa ndegeyo, osati dzina limene lalembedwa pamwamba pa tiketi, nchifukwa chake ndimauza makasitomala kuti aziyang'ana pamene palembedwa kuti operated by.

Tsopano tinene kuti muli m'kati. Ndege ikakanseledwa pali zinthu zitatu zosiyana zimene kampani ikuyenera kukuchitirani, ndipo kulandira chimodzi sikufafaniza chinzake, kupatula kuti mukasankha kubwezeredwa ndalama ya tiketi chisamaliro chimathera pomwepo.

Choyamba mumasankha nokha, akubwezereni ndalama ya tiketi pasanathe masiku 7, kapena akupezereni ndege ina yokafika komwe mumapita. Apa ndiime pang'ono chifukwa anthu amalakwitsa kwambiri. Munthu anagula tiketi mu Ogasiti pa mtengo wabwino, akumukansela pa 20 Disembala, iye chifukwa cha mkwiyo akuti ndibwezereni ndalama zanga. Amubwezeradi, koma akapita kukafuna tiketi ina sabata ya Khrisimasi apeza mtengo wakwera kutalitali, ndipo kampani ija ilibenso naye ntchito, hotela sakulipiriranso, chakudya sakumupatsanso, chifukwa iye mwini wathetsa mgwirizano. Ngati mukufunadi kukafika, kaya ndi kumaliro kaya ku ukwati, musalandire refund. Auzeni kuti ndikufuna mundikweze ndege ina mwamsanga, ndipo ngati yawo ilibe malo mpaka masiku angapo pamene kampani ina ili ndi mpando mawa, afunseni akuikeni kumeneko. Civil Aviation Authority (CAA), bungwe loyang'anira za ndege ku UK, inanena kale kuti makampani akuyenera kuganiziranso ndege za anzawo.

Chachiwiri ndi chisamaliro pamene mukudikira, chakudya, zakumwa, njira yoimbira foni, hotela ngati mugona, ndi transipoti yopita ku hotela n'kubwerera ku eyapoti. Ichi sichiona kuti walakwa ndani. Phiri la moto la ku Iceland litaphulika mu 2010 ndege zinaima masiku angapo ku Ulaya, ndipo khoti la EU mu 2013 linanena kuti ngakhale pa tsoka ngati limenelo kampani ikuyenerabe kusamala apaulendo ake. Nthawi zambiri pa chipwirikiti wa pa desiki amasowa, ndiye lipirani nokha hotela ya mtengo wapakati ndi chakudya wamba, sungani risiti iliyonse, ijambuleni pa foni pompo chifukwa inki yake imafufutika. Mowa ndi hotela yapamwamba sadzakubwezerani.

Chachitatu ndiye chipukuta misozi chenichenicho. Pa UK261 ndi £220 ulendo ukakhala wosapitirira makilomita 1,500, £350 pakati pa 1,500 ndi 3,500, ndi £520 ukapitirira 3,500. Ulendo wathu wakumudzi uli m'gulu lomalizali. Amene mukunyamuka ku Ireland, Germany, Belgium ndi kwina ku EU ndi €250, €400 ndi €600. Ndalamayi ndi ya munthu aliyense amene anali ndi tiketi yolipira, ndiye banja la anthu 4 ndi £2,080, ndipo siidalira kuti tiketi munagula zingati. Imapita kwa amene amakwera ndege, osati amene analipira. Ngati munagulira mayi anu tiketi yobwerera kumudzi atabwera kudzaona mdzukulu, pempho lilembedwe m'dzina lawo, inu mungowathandiza kulemba.

Sikuti kukansela kulikonse kumabala ndalama. Akakuuzani kutatsala masiku 14 kapena kuposera apo palibe chipukuta misozi, mungosankha refund kapena ndege ina. Akakuuzani kutatsala masiku 7 mpaka 14 amapulumuka pokhapokha ndege yatsopanoyo isanyamuke mofulumira kuposa maola 2 komanso ifike mochedwa osakwana maola 4. Kutatsala masiku osakwana 7 malire ake ndi ola 1 ndi maola 2. Ndipo pa ulendo wautali ngati wathu, akakufikitsani mochedwa osapitirira maola 4 ali ndi ufulu wodula ndalama ija pakati, kukhala £260. Choncho lembani nthawi imene munalandira meseji yokansela ndi nthawi imene munafika, nkhani yonse imatsamira pamenepo.

Khomo lothawira limene makampani amakonda ndi lija amati extraordinary circumstances, kunena kuti vutolo silinali m'manja mwawo ndipo anayesetsa zonse. Nthawi zina amanena zoona. Mphepo yamkuntho, chifunga, nkhondo, eyapoti kutsekedwa ngati mmene Heathrow inatsekedwera pa 21 Malichi 2025 moto utagwira siteshoni ya magetsi, kapena makompyuta oyendetsa ndege mumlengalenga a ku UK atafa pa 28 Ogasiti 2023, pamenepo £520 musaiyembekezere, koma hotela ndi ndege ina zikadali zanu. Ngakhale mbalame ikaombana ndi ndege khoti linati si vuto la kampani. Koma mawu omwewa amawagwiritsanso ntchito pamene sakuyenera. Ndege kuonongeka, chipangizo kufa mwadzidzidzi, khoti la EU linagamula kale mu 2008 kuti zimenezo ndi gawo la bizinesi yoyendetsa ndege, alipire. Antchito a kampani yomweyo akachita sitiraka, alipire. Mu 2024 Supreme Court ya ku UK inanenanso kuti pailoti kudwala si chifukwa chokanira kulipira. Ndiye mukalandira imelo yongoti operational reasons musagwe ulesi, yankhani kuti ndiuzeni chifukwa chenicheni molemba. Udindo wobweretsa umboni ndi wawo, si wanu.

Za vocha zija. Lamulo limati ndalama ikhale kashi, ya ku banki kapena cheke, vocha pokhapokha inu mwavomera n'kusaina. Vocha imakhala ndi tsiku lothera, imakumangirirani ku kampani yomweyo, ndipo kapepala kamene mukusaina nthawi zina kamanena kuti nkhani yatha, simudzafunsanso kanthu. Vocha ya chakudya pa eyapoti landirani, idyani, imeneyo ilibe vuto. Koma ina iliyonse werengani kaye, ngati mwatopa ingonenani kuti ndiyankha pa imelo.

Kapemphedwe kake si kovuta ngati mmene anthu amaganizira. Mumapita pa webusaiti ya kampani imene imayenera kuulutsa ndegeyo, osati kwa ejenti ngati ine, ife timathandiza za refund ya tiketi imene munagulira kwa ife koma chipukuta misozi chimachokera ku kampani ya ndege. Lembani booking reference, nambala ya flight, tsiku, maina onse, nthawi imene anakuuzani, nthawi imene munafika, tchulani UK261 kapena EU261 ndi ndalama imene mukufuna, ikani boarding pass ndi marisiti. Mwachidule, mopanda kutukwana. Akakana kapena akangokhala chete masabata 8, onani ngati kampaniyo ili ku AviationADR kapena CEDR, mabungwe oweruza madandaulo oterewa, ngati siili kumeneko dandaulo limapita ku CAA, ngakhale CAA siingakakamize kampani kulipira pa nkhani yanu. Kukanika konseko kuli khoti la milandu ing'onoing'ono. Ku England ndi Wales muli ndi zaka 6 zoti mupemphe, ku Scotland zaka 5, ndiye amene anakukanselani chaka chatha kapena dzana fufuzani maimelo akale, mwina ndalama yanu ikadalipo. Makampani aja otsatsa pa Facebook kuti tikutolerani ndalama amagwiradi ntchito ena, koma amadula gawo lalikulu pa kalata yoti mukanalemba nokha madzulo amodzi, ine ndimati yambani mwayesa nokha.

Chinthu china chimene chimandidetsa nkhawa ndi matiketi ogulidwa paderapadera. Munthu agula London–Johannesburg payokha, kenako Johannesburg–Blantyre payokha poti zatchipa. Yoyamba ija ikakanseledwa, kampani idzakufikitsani pa OR Tambo basi, yachiwiri ija idzakulembani kuti simunabwere, ndipo kawirikawiri amafafanizanso ndi yobwerera yomwe. Ngati mwagula choncho siyani tsiku lathunthu pakati komanso gulani inshulansi ya ulendo.

Nanga amene mwakanseledwa pa KIA, pa Chileka, pa Kenneth Kaunda ku Lusaka kapena pa Joni, pa kampani yosakhala ya ku Ulaya? Musangokhala. Tiketi ndi mgwirizano, ndipo kampani iliyonse ili ndi conditions of carriage pa webusaiti yake zonena chimene idzachite ikakansela, kawirikawiri ndi kukukwezani ndege ina kapena kubweza ndalama. Pa maulendo a pakati pa maiko amene anasaina Montreal Convention ya 1999, monga South Africa ndi UK, mukhoza kupempha ndalama zimene mwataya chifukwa chochedwetsedwa, koma apa sipakhala ndalama yoikika, amafuna umboni wa chilichonse, hotela, takisi, tiketi ya basi imene yapita pachabe, ndipo nthawi yokasuma ndi zaka 2 zokha. Kumudzi kampani ikakana kukubwezerani ndalama ya ulendo umene yakansela yokha, dandaulo mukhoza kukalitula ku Competition and Fair Trading Commission, ku South Africa ndi National Consumer Commission. Musanachoke pa eyapoti pemphani kakalata kapena imelo yotsimikiza kuti ndege yakanseledwa, jambulani bolodi yoonetsa nthawi za ndege, ndipo lembani dzina la wa pa desiki amene walankhula nanu ndi zimene walonjeza.