Chimene chimatenthetsa thupi la mwana wodwala malungo

Mwana akatentha thupi ku Mtakataka kapena ku Golomoti, kumene udzudzu ndi wochuluka kuposa kuno ku boma kozizira, makolo amati kachilombo ndi kamene kakumuotcha. Ife a mu labotale timaziona mosiyana: likuotcha ndi thupi lake lomwe.

Tizilombo ta malungo tikaphulitsa maselo ofiira a magazi, maselo achitetezo amatulutsa timapuloteni totchedwa ma cytokine. Timeneti tili ngati mfuu ya moto pamudzi: timaitana maselo ena, timachititsa mitsempha kudontha madzi mpaka malo kutupa, n'kuuza ubongo kuti ukweze kutentha. Todziwika kwambiri ndi TNF, IL-1 ndi IL-6. IL-6 ndi amenenso amalamula chiwindi kupanga CRP, yomwe imayezedwa m'magazi pofuna kudziwa ngati m'thupi muli kutupa.

TNF anamutulukira mu 1975 ku New York, gulu la Lloyd Old likufufuza za khansa. Koma nkhani yake inadzafika kwathu kuno. Mu 1989, Terrie Taylor, Malcolm Molyneux ndi anzawo anafalitsa zimene anapeza mwa ana odwala malungo ku Blantyre: ana amene anali ndi TNF wochuluka ndiwo ankadwala kwambiri, ndiponso ankamwalira mochulukirapo.

Apa aliyense akanati njira yapezeka, ingotsekani TNF. Ku Gambia anayesadi mankhwala omutseka. Kutentha thupi kunatsika, koma zotsatira za kafukufuku wamkulu zimene zinatuluka mu 1996 zinasonyeza kuti imfa sizinachepe, ndipo ana otsala ndi vuto la ubongo anachuluka. Dexamethasone nayenso, yemwe amaziziritsa chitetezo chonse, atamuyesa ku Thailand pa malungo a mu ubongo anangotalikitsa nthawi yokomoka. Izi zinadziwika mu 1982. Komatu dexamethasone yemweyu mu 2020 anapulumutsa odwala Covid-19 amene anali pa okosijeni. Chimene chinasiyana ndicho mtundu wa nthenda, ndiponso nthawi yoperekera mankhwalawo.

Palinso china chimene chimatikhudza kwambiri ife kuno. TNF ndi amene amathandiza thupi kutsekera tizilombo ta TB pamalo amodzi m'mapapo, mwina kwa zaka zambiri munthu osadwala. N'chifukwa chake odwala nyamakazi asanayambe mankhwala otseka TNF, monga infliximab, amayamba ayezedwa TB. Ukachotsa TNF, TB yogona ija imatha kudzuka.

Ndiye ndikamva kuti wina wagula prednisolone, mankhwala a m'gulu limodzi ndi dexamethasone, pamsika chifukwa maondo akumuwawa m'nyengo yozizira ino, ndimada nkhawa. Ululu umachepadi, palibe angatsutse, koma mapiritsiwo akumwedwa miyezi popanda dokotala, ndipo akufooketsa chitetezo chomwe chija chimene chikugwira TB. Kwa mwana wotentha thupi, Panado ndi wongomupatsa mpumulo. Chofunika n'chakuti ayezedwe magazi tsiku lomwelo, ndipo akamupeza ndi malungo amalize LA masiku onse atatu, ngakhale atayamba kusewera pa tsiku lachiwiri.