Dothi la ku Kanyama silisefa madzi

"Madzi akalowa pansi ndiye kuti ayera, dothi lawasefa." Agogo amatero, ndipo kumudzi, komwe dothi ndi lakuya, mawuwa ali ndi nzeru. Koma mu Lusaka muno akhoza kukupweteketsani.

Pansi pa mbali yaikulu ya mzindawu pali mwala wa laimu ndi dolomite, womwe uja amayi amauphwanya ndi nyundo m'mbali mwa msewu n'kumagulitsa pa wilibala. Mwalawu umasungunuka pang'onopang'ono ndi madzi a mvula, motero pa zaka zikwizikwi wachita ming'alu ndi mphako. Dothi la pamwamba pake ndi lochepa kwambiri, penapake mukakumba ndi khasu kawiri katatu mwagunda kale mwala. Ndiye madzi sapeza powasefa. Amangothamanga m'ming'alumo ngati m'paipi, atanyamula zonse za m'chimbudzi chokumba cha a neba mpaka kukafika m'chitsime chanu. Akamatuluka m'ndowa amaoneka mbee, ndipo apa mpamene anthu amanamizikira.

Nyengo ya dzinja zinthu zimanyanya, chifukwa madzi a pansi amakwera kufika pamwamba. Kusefukira kwa ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka muno, si nkhani ya ngalande zotsekeka ndi zinyalala zokha ayi: malowo ndi athyathyathya, ndipo pansi pakadzaza mvula ilibenso kolowera. Kolera ya mu 2017 mpaka 2018 inavuta kwambiri komweko, ndipo boma linakwirira zitsime zosaya zambiri.

Madzi a m'chitsime chotere muziwiritsa kapena kuthira kolorini, ngakhale aoneke oyera bwanji.