Maboma akunja akamaphunzitsa ana athu, amafunanji?

Mwezi wa Ogasiti ukafika, mauthenga amayamba kuzungulira pa WhatsApp onena za mwayi wokaphunzira ku Britain, ku America, ku China kapena ku Japan, ndipo makolo ambiri kuno ku Chipata amafunsa funso lanzeru: n'chifukwa chiyani boma lakutali lingalipirire mwana wa ku Chadiza ndege, chakudya, pogona ndi fizi, pamene silikumudziwa n'komwe? Monga munthu amene ntchito yake ndi kulangiza achinyamata pa za maphunziro apamwamba, ndimayankha kuti imeneyi ndi mbali ya ukazembe. Pali ukazembe womwe timaudziwa, wa akazembe okambirana ndi nduna m'maofesi a ku Lusaka, komanso pali wina umene boma limalankhula mwachindunji ndi anthu wamba a dziko lina kudzera m'maphunziro, m'maulendo ndi m'thandizo lopita ku mabungwe.

Pulogalamu ya Fulbright ya dziko la America inakhazikitsidwa mu 1946, ndipo ndalama zake zoyamba zinachokera pogulitsa katundu wankhondo wotsala pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Senator J. William Fulbright ankakhulupirira kuti anthu amene anaphunzira limodzi savutika kumvana akadzakhala atsogoleri. Britain inayambitsa Chevening mu 1983, ndipo imayendetsedwa ndi unduna wake woona za maiko akunja, osati wa maphunziro, zomwe zikusonyezeratu cholinga chake. Dziko la Soviet Union nalo linatsegula yunivesite ku Moscow mu 1960, yomwe pambuyo pake inapatsidwa dzina la Patrice Lumumba, kuti likope achinyamata a ku Africa, Asia ndi Latin America pa nthawi imene maiko akuluakulu ankalimbirana abwenzi.

Ife tinkafunikira thandizo lotere kwambiri, pakuti pomwe Zambia inkalandira ufulu mu 1964 inali ndi nzika pafupifupi 100 zokha zokhala ndi digiri, ndipo University of Zambia inatsegulidwa mu 1966. Malemu Rupiah Banda, mwana wa chigawo chino, anaphunzira ku Lund m'dziko la Sweden, kenako anakhala kazembe ku Egypt ndi ku America, nduna yoona za maiko akunja, ndipo pomaliza mtsogoleri wa dziko kuyambira 2008 mpaka 2011.

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo maboma amenewa amaidziwa bwino mfundo imeneyi. Mnyamata amene akumulipirira lero, pakapita zaka 20 adzakhala woweruza milandu, phungu kapena mkulu wa unduna, adzakhala akudziwa chinenero chawo ndi kaganizidwe kawo, ndipo akadzabwera kudzakambirana za migodi kapena za malonda adzapeza munthu amene sakuwaona ngati alendo. Ine sindiona chochititsa manyazi pamenepa, chifukwa ifenso tinachitapo zofanana. Mu 1976 Lusaka inalandira sukulu ya United Nations yokonzekeretsa anthu a ku Namibia kudzayendetsa dziko lawo, ndipo mkulu wake, Hage Geingob, anadzakhala pulezidenti wa Namibia. Chimene ndimakana n'chakuti mwana wathu apite akuganiza kuti wangochitiridwa chifundo. Ayenera kudziwa kuti mbali zonse ziwiri zikupindula, kuti akathe kuphunzira ndi maso otsegula, kusankha zoyenera kwathu ndi kusiya zosayenera.

Mbali ya demokalase ndi ufulu wachibadwidwe ndiyo imabweretsa mikangano yambiri. Pa masankho a pa 31 Okutobala 1991, omwe anathetsa ulamuliro wa chipani chimodzi, Jimmy Carter, pulezidenti wakale wa America, anatsogolera gulu la oyang'anira ochokera kunja, ndipo kupezeka kwawo kunathandiza kuti anthu akhulupirire zotsatira. Komabe tisaiwale kuti amene anaima pa mizere padzuwa anali anthu a m'Zambia, amene anadzaza malo oponyera voti monga oyang'anira anali a mipingo ndi mabungwe athu, ndipo amene anavomera kugonja anali Kenneth Kaunda. Mpaka lero oyang'anira akunja alibe mphamvu yosintha zotsatira. Iwo amaona, amalemba ndi kupereka malangizo. Wolengeza ndi Electoral Commission of Zambia, ndipo madandaulo a masankho a pulezidenti amamvedwa ndi Constitutional Court.

Ndalama zambiri za mapulogalamu amenewa sizioneka pa tsiku la voti. Zimapita ku maphunziro a atolankhani a mawailesi a m'madera, ku mabungwe ophunzitsa anthu za malamulo, ndi ku ntchito yolimbana ndi maukwati a ana, vuto lomwe chigawo chathu chikulidziwa bwino. Pa nkhani imeneyi kusintha kwenikweni kwaoneka kumene mafumu, anyakwawa ndi alangizi a chinamwali anaitenga nkhaniyo ngati yawo, ndipo mu 2023 lamulo la maukwati linasinthidwa kotero kuti ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ndi wosavomerezeka ngakhale utamangidwa mwa mwambo. Kumene ntchito inkangodalira misonkhano ya m'mahotela ndi ndalama za malawansi, inatha tsiku lomwe thandizo linatha.

Ndipo thandizo limathadi. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa mbali yaikulu ya thandizo lake lopita kunja, ndipo pofika pakati pa chakacho bungwe la USAID, lomwe linkayendetsa thandizoli, linali litatsekedwa. Mapulogalamu otere amatsatira ndale za dziko lopereka, ndipo n'zoonanso kuti maiko olemera amadzudzula mokweza maiko osauka pa za ufulu, koma amatsitsa mawu akafika kwa anzawo amene amachita nawo malonda akuluakulu. Zimenezi sizichotsa phindu la ufulu wachibadwidwe, umene ulinso m'malamulo oyendetsera dziko lathu, koma zikutanthauza kuti bungwe la ku Katete kapena ku Lundazi lisamange ntchito yake yonse pa ndalama za kazembe mmodzi.

Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti achinyamata athu ambiri safunsira n'komwe, poganiza kuti mwayi umenewu ndi wa ana a ku Lusaka. Mandela Washington Fellowship, pulogalamu ya boma la America yomwe inayamba mu 2014, yakhala ikutenga anthu a zaka 25 mpaka 35 kukakhala milungu 6 pa yunivesite ya ku America, ndipo osankha amayang'ana kwambiri zimene munthu wachita pakati pa anthu ake. Mphunzitsi wa ku Vubwi amene wabwezera atsikana kusukulu, kapena mlembi wa kopaletivi ya alimi a nsawa ku Petauke, ali ndi nkhani yolimba kuposa munthu wongodziwa Chingelezi chosalala. Chevening imalipira digiri ya masters ya chaka chimodzi, imafuna digiri yoyamba ndi zaka ziwiri za ntchito, ndipo wopambana amalonjeza kubwerera kwawo kwa zaka zosachepera ziwiri.

Kufunsira mapulogalamu awiriwa n'kwaulere, choncho aliyense wokuuzani kuti mutumize ndalama pa foni kuti akusungireni malo ndi wakuba. Mwayi umene maboma ena amapereka kudzera m'boma lathu umalengezedwa ndi Higher Education Loans and Scholarships Board. Musanavomere malo pa yunivesite yomwe simukuidziwa, funsani ku Zambia Qualifications Authority ngati satifiketi yake idzavomerezedwa pobwerera, ndipo amene akufuna udokotala afunsenso ku Health Professions Council of Zambia, chifukwa popanda kulembetsa kumeneko sangagwire ntchito m'chipatala chilichonse m'dziko muno.